Mphanda za a Grey

Kwa Santhe nkhalango inatha kalekale, inamezedwa ndi fodya. Mitengo ina inapita ku zigafa zopachikamo fodyayo, ina inapsera m'mabalani a m'maesiteti, ndipo m'minda munangotsala zitsa, za muwanga ndi za mombo, zouma gwa. Mzimayi akafuna moto ankakumba chitsa, n'kuchigubuduzira kunyumba, kenako n'kumangochiyang'ana. Azibambo nawo, ikangokwana Okutobala, ankaswera kudambo kuthirira nazale ya fodya, ndipo ukawauza za nkhuni ankagwira m'chiuno n'kunena kuti msana wavuta. Msana womwewo sunkavuta ponyamula makeni a madzi.

Lefina anaonapo mwayi pamenepa. Anali mtsikana wa Fomu 2, wa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, woyamba mwa ana aakazi atatu a a Levison Mwale. Mapewa anatengera bambo ake, mtima wosafuna kugonja anatengera mayi ake. Anthu ankawamvera chisoni a Levison kuti alibe mwana wamwamuna, iwo n'kumangoseka, poti Lefina anayamba kuwathandiza kumanga chigafa mano akutsogolo asanamere onse.

“Ababa,” anatero tsiku lina atagwada pakhonde, “ndikufuna ndiziwazira anthu nkhuni ndikaweruka kusukulu.”

A Levison, amene ankamata chubu cha njinga, anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Asanatsegule pakamwa, akazi awo a Fainala anayankha ali m'khitchini.

“Mpatseni nkhwangwa mwanayo, bambo a Lefina. Nanga mesa imangogona kuseri kwa chitseko ngati mlendo wodwala?”

“Ndakana ngati, make Lefina? Ndimati ndimeze kaye malovu.”

Tsiku la msika a Levison anapita kwa wosula zitsulo ndi chidutswa cha sipuling'i ya lole, nabwerako ndi zitsulo ziwiri zosongoka zong'ambira zitsa, pamodzi ndi hamala yaikulu. Anasema mpini watsopano wolingana ndi mkono wa mwana wawo. Masabata awiri athunthu anamuphunzitsa pa zitsa za kuseri kwa nyumba: kumene uyike phazi, mmene ungapezere mng'alu umene mtengo unabisa, ndiponso kumvera kulira kwa mtengo. “Wofumbwa umati phu, wabwino umati ngwe,” ankatero. “Mtengo sunama, amanama ndi anthu.” Pomupatsa nkhwangwa ananena mawu amodzi okha a lamulo: “Nkhwangwayi ndi yanga, dzina ukuyenda naloli ndi langanso. Tsiku udzaipitse dzina, nkhwangwa ndidzalanda.”

Ntchito inamukomera. Anayamba ndi nyumba za aphunzitsi, kenako amayi okazinga mandasi, kenako aliyense amene chitsa chinamutopetsa. Ena ankalipira ndalama, ena lichero la mtedza, ndipo mayi wina anamupatsa kamsoti ka nkhuku kotsimphina. A Fainala ankamuthowa matuza ndi madzi ofunda amchere, n'kumalengeza za mwana wawo pamjigo ndi ku mvano mpaka anzawo kutopa nawo. Anyamata anamutcha Chiwaza pofuna kumunyoza, koma dzinalo Lefina analikonda kwambiri. Akamadutsa m'mudzi nkhwangwa ili paphewa, mtima wake unkadzaza ndi chimwemwe chimene iyeyo sakanatha kuchifotokoza.

Mvula yoyamba inagwa m'kati mwa Novembala, anthu nadzala chimanga. Zinali zaka za makuponi zija, pamene banja la mwayi linkalandira timapepala tiwiri togulira feteleza motchipa, ndipo chaka chimenecho makuponi anali a chimanga chokha. Azibambo ankagona pamzere kudepoti kwa Santhe masiku awiri kapena atatu kudikira lole. Mmodzi mwa ogona pamzerewo anali a Grey, mlimi wa fodya wa kumapeto kwa mudzi, munthu wamawu aakulu ndi chipewa chachikulu.

Loweruka m'mawa akazi a a Grey, a Ezelina, anatumiza mwana kudzaitana Lefina. Mayiyu anali wa ku Dowa, anabwera m'mudzimo pa chitengwa, ndipo anali ndi ana anayi, wamng'ono ali kumsana. Anamutsogolera kuseri kwa nyumba. Kumeneko kunali chitsa chachikulu cha mombo, ndipo pambali pake, zitasanjikizidwa pamiyala n'kufunditsidwa udzu, panali mphanda zikuluzikulu khumi ndi ziwiri. Lefina anatula zida zake pafupi ndi chitsa.

“Ayi, osati icho,” anatero a Ezelina, akukankha udzu uja. “Izi.”

“Izitu ndi mphanda za chigafa, amayi.”

“Zinali. Chiswe chadya m'kati monse. Bambo a Comfort anena okha kuti tisonkhere moto.”

Mwana aliyense wa kwa Santhe amadziwa kuti mphanda ndi chiyani. Ndi mizati ya nthambi ziwiri imene imanyamula denga la chigafa ndi fodya yense wopachikidwamo, ndipo m'dziko lopanda mitengo lija mphanda ya muwanga inkasungidwa kuposa mbuzi. Lefina anagubuduza imodzi, nakweza nkhwangwa. Itatera, mtengo unalira ngwe, mpini n'kumunjenjemeretsa manja mpaka m'zigongono.

“Amayi, mtengowu ndi wabwinobwino.”

“Iwe mwana, wabwera kudzawaza kapena kudzandiweruza?”

Mawu anali aukali. Lefina analeredwa kuti wamkulu sumutsutsa katatu, choncho anatseka pakamwa. Koma tisamunamizire ulemu wokha, ayi. Pamphanda pa muwanga ndi pamene azibambo amathyolerapo mipini n'kutukwana, ndipo mtsikanayu ankafunitsitsa kuona ngati iye angapang'ambe. Anakhomera chitsulo pakati pa nthambi ziwirizo, namenya ndi hamala kasanu ndi kawiri, mtengo n'kuti phwa. Zinamukomera, ndipo anagubuduza ina.

Dzuwa litafika pamutu, mphanda zisanu ndi zinayi zitasanduka nkhuni, a Ezelina anamubweretsera thobwa. Anakhala pansi chapatali n'kuyamba kulankhula akuyang'ana kumbali, ngati akuuza nkhuku.

“Chaka chatha feteleza wa makuponi yense anathira ku fodya. Chimanga chinabereka tizisononkho ngati zala zangazi. Febuluwale ana anga ankadya madeya opempha. Mwini fodya atapita ku okushoni anakhalako mwezi, n'kubwera ndi wailesi ndi jekete. Chaka chino akuti achitanso chimodzimodzi.” Anakonza mwana kumsana. “Popanda chigafa palibe fodya. Popanda fodya, feteleza apita ku chimanga.”

Lefina anaika thobwa pansi. Tsopano anamvetsa chimene manja ake anachita, ndi amene anawagwiritsa ntchito. Anayang'ana mphanda zitatu zotsala, anayang'ananso timiyendo ta mwana anali kumsana uja. Kenako anaimirira n'kumaliza zitatuzo.

Lamulungu masana, anthu akuchokera kutchalitchi, a Grey anatulukira pabwalo la a Levison atanyamula chibanthu cha muwanga m'manja. Feteleza anali atamupeza dzulo lake, koma chimwemwe chinathera kuseri kwa nyumba. Akazi awo ankawatsatira pambuyo, maso ali pansi.

“A Mwale, mwana wanu wandipha! Zaka zinayi ndikusonkhanitsa mphanda zimenezi, zina ndinachita kukatenga pangolo ku Kapelula. Lero ndi nkhuni! Fodya wanga ndikapachika pamutu panu?”

Phokoso siliitanira anthu kawiri. Posakhalitsa pabwalo panadzaza, amayi ndi mabuku a nyimbo m'manja, ana pamwamba pa chulu. A Jeremiya, mkulu wa mpingo amenenso anali m'komiti yolemba maina a olandira makuponi, anaima nafunsa mofatsa kuti mwanayo anamuonetsa nkhuni ndani.

“Ine ndinamuonetsa chitsa,” anayankha a Ezelina ndi mawu otsika. “Kenako ndinapita kumunda.”

“Mwamva?” anakuwa a Grey. “Ndipo akanakhala kuti wamuuza ndi ameneyu, bwenzi pano ali pa msewu wa ku Dowa, katundu ali pamutu!”

A Levison anatembenukira kwa mwana wawo. “Lefina, zili choncho?”

Lefina anagwada pafumbi. Choonadi chinali pa lilime, chokonzeka, ndipo mawu atatu okha akanamupulumutsa. Mkwiyo unamutentha m'chifuwa poona munthu wamkulu akunama pamaso pake osaphethira. Koma a Ezelina anali atakumbatira nsalu yobereka mwana ndi manja onse awiri, ndipo Lefina anaona kuti mayiyo ali ndi mantha enieni.

“Ndawaza ndine, ababa.”

Anthu anang'ung'udza. Wina anati izi ndi zimene zimachitika ukapatsa mwana wamkazi ntchito ya amuna. Wina anaseka n'kunena kuti sukulu ya masiku ano ndi yodabwitsa, mwana wobadwira kwa Santhe osadziwa mphanda. Mawu amenewa ndi amene anamulasa kwambiri Lefina, iye amene akanatha kumanga chigafa atatsinzina.

“Bambo a Lefina,” anaitana a Fainala ali pakhomo, “tabwerani mundinyamulire mpando wa a Jeremiya.”

A Levison analowa m'nyumba. Anakhalitsamo kuposa mmene mpando umafunira, ndipo potuluka anatuluka opanda mpando. A Jeremiya anangokhala choimirira.

“Achimwene a Grey,” anayamba a Levison atavula chipewa, “tsamba likagwa manyazi agwira mtengo. Nkhwangwa ndinamupatsa ndine, ndiye mlanduwu ndi wanga. Mawa ndizula mphanda khumi ndi ziwiri m'chigafa changa, za muwanga zokhazokha, ndidzakutulirani pakhomo.”

A Grey anatsitsa chibanthu chija. Sanayembekezere kuti zikhala zophweka chonchi, ndipo mawu ena amene anakonzekera anasowa kolowera.

“Komatu pepani sapoletsa chilonda,” anapitiriza a Levison. “Mwana wanga wakusowetsani tulo, ndiye tiyenera chipepeso. Ndamva kuti feteleza wa makuponi mwamupeza dzulo. Loweruka likubwerali banja langa lonse tibwera kudzakuthirirani thumba loyamba m'munda wanu wa chimanga, inu mutakhala pamthunzi. Chimanga chikafika m'mawondo tidzabweranso kudzathira lachiwirilo. Musatikanize, achimwene, mungatichititse manyazi kawiri.”

“Aaa, zimenezo musavutike nazo,” anatero a Grey mofulumira. “Mphanda zokha zakwana.”

“Ayi, a Grey, chipepeso sakana,” analowererapo a Jeremiya, nkhope ili ngwee. “Chiyambire ukulu wanga sindinaone munthu akupepesa mokoma chonchi. Inenso ndidzabwera kudzachitira umboni.”

A Grey akananena bwanji pamaso pa munthu wa m'komiti kuti feteleza wa chimangayo anamukonzera fodya? Dzina likanatha kusowa pamndandanda chaka chamawa. Anathokoza, koma kuthokoza kwake kunamveka ngati kwa munthu amene wapatsidwa mankhwala owawa.

Lefina sanamve kukoma kwa zonsezi, chifukwa anthu asanabalalike bambo ake anapita pamene iye ankasungira zida zake, natenga nkhwangwa, hamala ndi zitsulo zija, nakazilowetsa kuchipinda kwawo. Sanamukalipire, sanamuyang'ane n'komwe. Mtsikanayo anazemba n'kukalira kuseri kwa nkhokwe, kulira kwenikweni kwa mamina.

Lolemba ataweruka kusukulu anapeza bambo ake atasasula kale udzu mbali imodzi ya chigafa. Chigafa chimenecho chinali ulemerero wa a Levison, chachitali kuposa zonse m'mudzimo, ndipo mphanda iliyonse ankaidziwa kumene inachokera. Anakumba awiriwiri mpaka dzuwa kupendeka, bambo kugwedeza mzati, mwana kufukula dothi, osalankhulana kupatula “gwira uko” ndi “tsitsa.” Pamene ngolo inanyamuka ndi mphanda, chigafa chinatsala theka, ndi maenje khumi ndi awiri ali yasa. Lefina analakalaka bambo ake akanangomumenya.

Sabata imeneyo inali yaitali. Kusukulu anyamata ankamufunsa ngati angawawazirenso madesiki. Palibe amene anatumiza mwana kudzamuitana. Madzulo aliwonse ankangokhala pakhonde, manja akumuyabwa, akumva nkhwangwa ya munthu wina ikulira chapatali molakwika.

Loweruka analawirira kumunda kwa a Grey, banja lonse la a Mwale, a Jeremiya ali pambuyo ndi ambulera yawo. A Levison ankabaya timaenje ndi ndodo pambali pa phando lililonse, akazi ankathira feteleza ndi tizitsekerero ta mabotolo, ana n'kumakwirira ndi chidendene. A Grey anakana kukhala pamthunzi. Ankayenda m'mbali mwa munda akuyang'ana thumba likuphwa, ngati munthu woonerera mbuzi yake ikudyedwa pa ukwati wa mnzake.

Pakati pa munda a Ezelina anasendera mpaka mzere wawo unayandikana ndi wa Lefina.

“Mwana wanga,” ananong'ona, “ine ndilibe mawu.”

“Thirani, amayi, dzuwa likukwera,” anayankha Lefina osadzutsa mutu. Mkwiyo unali usanathe, ndipo sanafune kunamizira kuti watha. Komabe mbale ya a Ezelina itatha, anawagawirako feteleza wa m'mbale yake kuti asavutike kubwerera kuthumba ndi mwana kumsana.

Pobwerera, a Fainala anatsogola ndi ana aang'ono, a Levison n'kumachedwa dala mpaka anatsala awiri ndi Lefina. Anayenda mpaka pamene chigafa chodukacho chinaonekera.

“Tandiuza,” anatero a Levison. “Nkhwangwa itatera koyamba, mtengo unati chiyani?”

Lefina anaima. “Unati ngwe.”

“Ndiye unadziwa.”

“Eya, ababa.”

“Inenso ndinadziwa kuti unadziwa. Mwana amene ndinamuphunzitsa ndekha angasokoneze mphanda ndi chitsa? Chimene chinandisowa n'chifukwa chake, koma amako anandiuza m'nyumba muja. Za madeya a Febuluwale azimayi onse a pamjigo akuzidziwa, osadziwa ndife azibambo tokha.” Anathyola kaudzu n'kuyamba kutafuna. “Pamene unalakwa ndi apa: mtengo utakuuza zoona, ukanatula nkhwangwa n'kubwera kunyumba kudzatifunsa. Tili ndi mitu itatu pakhomo pano. Tikanapeza njira yosapha muwanga wosalakwa.”

“Pepani, ababa. Fodya wanu mupachika kuti tsopano?”

“Ndidzala wokwana theka la chigafa. Amako akondwa kale, akuti chaka chino ndikhosomola theka.”

Lefina anafuna kuseka koma misozi inatsogola. “Dzina lanu ndaliipitsa. Anthu onse akuti mwana wa a Mwale ndi chitsiru.”

“Alekeni anene, pakamwa ndi pawo.” A Levison anamugwira paphewa, chinthu chimene sankachita kawirikawiri. “Ine Lamulungu lija ndinaona mwana wanga atagwada pafumbi, akulolera kusekedwa ndi mudzi wonse kuti ana a munthu wina asasowe mayi. Ndinakhalitsa m'nyumba muja osati chifukwa cha mpando wokha, ndinkaopa kuti anthu angaone misozi ya munthu wamkulu. Sindinayambe ndanyadapo chonchi, Lefina, ngakhale chaka chimene fodya wanga anagulidwa bwino.”

“Nanga bwanji munalanda nkhwangwa?”

“Ndikanapanda kulanda ine, akanalanda a Grey. Komanso sabata imodzi yolira inakuyenera, chifukwa cha muwanga uja.”

Atafika kunyumba, a Levison analowa kuchipinda natuluka ndi nkhwangwa itanoledwa mpaka kung'anima. Anati akazi a ahedi ali ndi chitsa chimene chawakanika kuyambira Lachitatu, koma akuchita mantha kuitana chifukwa cha zonena za anthu, ndiye kunali bwino kungopita osadikira kuitanidwa. Lefina anatambasula dzanja kuti atengenso hamala ndi zitsulo, koma bambo ake anakana. Anaziika m'thumba n'kuzikoleka paphewa pawo.

“Tsogola,” anatero. “Osati njira yachidule ya kudambo. Tidzere pakati pa mudzi.”

Anadzeradi pakati pa mudzi, dzuwa lili pamutu, anthu atakhala m'makonde. Mtsikana anali patsogolo ndi nkhwangwa paphewa, bambo wa imvi pambuyo atasenza thumba la zitsulo ngati waganyu. Pakhomo lililonse a Levison ankaima n'kupereka moni mokweza, ndipo aliyense wofunsa kuti ulendo ngwakuti ankamuyankha chimodzimodzi.

“Ndikuperekeza abwana anga kuntchito. Mukakhala ndi chitsa chokuvutani, mundiuze ine, ndikawapemphere.”

Lefina sanacheuke ngakhale kamodzi, kuopa kuti bambo ake angaone kuti akuliranso.